Mlatho Umene Tinkanyowerapo

Fungo la madzi othiridwa kolorini akagwera pa simenti yotentha ndimalizindikira ngakhale nditatsinzina. Kumene ndikugwira ntchito masiku ano, m'nyumba yosungiramo katundu ku Ras Al Khor, mu mzinda wa Dubai, anyamata okolopa amakhuthulira madzi oterewa pabwalo masana, ndipo nthunzi yake ikandipeza ndimayamba ndaima kaye. Chifukwa chake ndi chimene ndafuna kulongosola m'munsimu, mwadongosolo monga momwe ndingathere.

Ndinafika ku Dubai koyamba ndili mwana wa ku pulayimale, pa tchuthi chachitali cha sukulu. Kwathu ku Nchalo kunali kudakali kachisanu ka m'mawa, kotero azakhali amene ankandilera anandiveka juzi ya ubweya. Kuyenera kudziwika kuti ife a ku Chigwa cha Shire timadzitama kuti dzuwa timalidziwa. Koma chitseko cha pabwalo la ndege chitatseguka, ndinamva ngati wina wandifunditsa bulangete loviikidwa m'madzi otentha. Magalasi a malume anachita nkhungu nthawi yomweyo. Iwo anawavula, nandiyang'ana ndi maso ofinya, kenaka anandiuza kuti ndivule juziyo ndisanaphikike.

Malumewa, a Fakisoni, anali mlongo wawo wa amayi, ndipo ankalondera pachipata cha paki ina yaikulu ya zosangalatsa kunja kwa mzinda. Ankakhala ku International City, m'chipinda chodulidwa ndi matabwa, moyandikana ndi bambo wina wa ku Chipata amene ankanditchula kuti "mwaiche", kutanthauza kamwana, pofuna kundiseka. Mawindo a nyumbayo ankatuluka thukuta kunja kwake. Makina oziziritsa chipinda ankadontha m'chidebe tsiku lonse, ndipo m'makonde munkamveka fungo la anyezi wokazinga, bizari ndi nsapato zonyowa. Ine ndinkagona pa matiresi aang'ono pafupi ndi chidebecho, n'kumalota mvula.

Amayi anga, a Esinati, ankakhala ku Jumeirah Village Circle, m'nyumba ya mabwana awo, kumene ankalera kamtsikana kotchedwa Nura. Pano ndiyenera kufotokoza vuto limene linalipo. Pa nthawi yowalemba ntchito, Madamu a m'nyumbamo anawafunsa ngati anali ndi mwana, popeza mlezi woyamba anachoka mwadzidzidzi mwana wake atadwala kumudzi. Amayi, potsatira malangizo a amene anawapezera ntchitoyo, anayankha kuti analibe. Kuyambira tsiku limenelo, ine m'nyumba imeneyo kunalibe. Malume anandikhazika pansi nandiuza kuti choonadi chikadziwika, ntchito ya amayi yathera pomwepo. Anandipatsa malamulo: amayi ndiziwatchula kuti anti, ndisawagwire, ndisawatsatire pafupi, ndipo wina akandifunsa ndinene kuti ndine mwana wa alonda a pachipata.

"Ukalakwitsa, khalas, zatha," anatero. "Nonse awiri ndege imodzi. Wamva, iwe?"

Ndinavomera kuti ndamva.

Mwayi wake unali woti Madamu anagulira Nura ndi mlezi wake chiphaso cholowera m'paki ya malumeyo chaka chonse, ndipo dalaivala ankawatulako masana ena pamene Madamuwo anali ku ofesi. Malume nawo ankandilowetsa ndi chilolezo chimene antchito ankapatsidwa cha abale awo. Motero, mu mzinda wonse wa Dubai, pakiyo ndiyo inali malo okhawo amene ine ndi amayi tinkaloledwa kupuma mpweya umodzi.

Malowo ndimawakumbukira ngati maloto. Kunali misewu ya nyumba zopakidwa utoto wa maswiti, zokhala ndi mawindo koma zopanda zipinda. Nyimbo zinkatuluka m'miyala. Njanji zopindikapindika zinkakwera kumwamba n'kumanjenjemera m'kutentha ngati zikusungunuka, ndipo thambo silinali lobiriwira ayi, linali loyera ngati phala lamadzimadzi. M'nyengo imeneyo alendo ankakhala ochepa. Amene analipowo ankayenda mothamanga kuchoka pa mthunzi wina kupita pa unzake, kenaka n'kuima, pakamwa pali yasa.

Popeza malume sankachoka pachipata, ndinaphunzira ndekha njira zodziziziritsira, ndipo ndinazidziwa kuposa masamu a kusukulu. Panali mafani aakulu pa mizati amene ankapemerera nkhungu ya madzi. Ndikaima pansi pake, timadontho tinkakhala pa nsidze zanga ngati mame. Panali masitolo a zidole okhala ndi zitseko zodzitsegukira zokha, ndipo ndinazindikira kuti munthu akaponda pamalo ena ake, chitseko chimatseguka n'kumuuzira mphepo yozizira popanda kulowa. Mayi wina wa ku Philippines wogulitsa mmenemo ankanamizira kuti sakundiona. Panalinso nyumba ya kanema ya mipando yogwedezeka, yamdima ndi yozizira ngati m'mtsuko, mmene ndinaonera nkhani imodzimodziyo mpaka kuiloweza. Malume ankandiumitsira botolo la madzi mufiriji, nandilangiza kuti ndisamangomwa, koma ndizilikhazika pa mitsempha ya pamkono ndi kumbuyo kwa khosi.

Njira ya amayi inali yosiyana. Iwo ankanyamula kachikwama kosunga kuzizira, mmene munkakhala kathawulo kamodzi kokulunga timiyala ta madzi oundana. Ankamukhazika Nura pa benchi, n'kumupukuta pamphumi, m'khosi ndi kumbuyo kwa makutu, pang'onopang'ono, monga momwe ankandichitira ine kale. Ine ndinkaonerera ndili kuseri kwa mtengo wa kanjedza. Chimene chinkandipweteka kwambiri sichinali thawulolo. Chinali chakuti kamwanako kankadziwa Chichewa. Ndinkakamva kakunena kuti, "Kwatentha, anti, ndipatseni madzi," ndi kalankhulidwe ka ku Nchalo kenikeni, ka m'kamwa mwa amayi anga.

Tsopano ndifike pa mlatho. Pakati pa pakiyo panali masewera a bwato looneka ngati chipika chogoba, limene linkakwera phiri lopanga n'kutsetsereka mwamphamvu kugwera m'dziwe. Pamwamba pa dziwelo panadutsa mlatho wa matabwa, ndipo bwato likagwa, funde lalikulu linkakwera n'kukwirira onse oima pamenepo. Anthu ankaimapo dala kuti anyowe. Amayi ndi amene anaona chinthu chimene ena sanachione: funde likamabwera, wamkulu aliyense ankakuwa n'kugwira mwana amene ali naye pafupi, wake kapena wa mwini, ndipo panalibe wofunsa.

Choncho ndinkakaima pa mlathopo ngati mlendo, maso ali kudziwe. Amayi ankabwera ndi Nura n'kuima pambali panga osandiyang'ana. Bwato linkaonekera pamwamba pa phiri, n'kuima kaye ngati likuganiza. Kenaka dziko lonse linkasanduka loyera. M'kati mwa kuyerako, dzanja lamanzere litagwira Nura, dzanja lamanja la amayi linkandikokera pamimba pawo. Ndinkamva kolorini, mafuta oteteza ku dzuwa amene ankadzoza Nura, ndipo pansi pa zonsezi, fungo lawo lenileni limene ndinali nditaliiwala. Ankalankhulira m'khutu mwanga mofulumira. Tsiku lina anafunsa ngati ndadya. Tsiku lina anati nsapato zikundithina, auza malume. Tsiku lina anangoyeza mutu wanga pa nthiti zawo kuti aone pamene ndafika. Madzi akatsika, dzanja linkachoka, ndipo tinkakhalanso alendo awiri odontha. M'chinyezi cha kumeneko zovala sizinkauma, koma tinkazungulirabe pang'ono, n'kubwereranso. Nura anandizolowera, nadziwa ndi dzina langa lomwe, lakuti Limbani.

Zinayenda motero kufikira tsiku limene Madamu anabwera nawo. Malume anawaona pachipata, nanditumizira mawu kudzera mwa mlonda mnzawo kuti lero ndikhale kutali. Tsikulo kunalibe ngakhale kamphepo. Ndinayenera kukakhala m'nyumba ya kanema, koma miyendo inandikana. Ndinawatsatira chapatali. Iwo akaima pa fani ya nkhungu, ine ndinkaima padzuwa kudikira kuti achoke. Akalowa m'sitolo, sindinkayandikira chitseko. Botolo langa linasungunuka, linafunda, kenaka linatha. Ndikukumbukira kuti thukuta linasiya kutuluka ndipo ndinaona ngati ndi chinthu chabwino. Nyimbo za m'miyala zinayamba kumveka ngati zikuchokera pansi pa madzi. Nyumba za maswiti zinapendekeka mwaulemu, ngati zikundipatsa moni.

Nditatsegula maso, mutu wanga unali pamiyendo ya munthu, ndipo kumaso kwanga kunkagwa nkhungu. Ndinaganiza kuti ndili pansi pa fani. Koma anali amayi. Ankamwa madzi osameza, n'kundiwaza nawo kumaso ndi pakamwa pawo, monga momwe ankachitira ndili wamng'ono dzuwa la Okutobala likandifooketsa. Kathawulo ka Nura kanali m'khosi mwanga. Chala chawo chachikulu chinkasisita kumbuyo kwa khutu langa, pamalo pamene pali kachipsera ka ubwana.

Pamwamba pathu panaima Madamu, mayi wamtali wa mawu ofatsa, magalasi akuda ali m'manja. Anafunsa m'Chingerezi ngati amayi akumudziwa mwanayu.

Amayi anali atangomwa madzi ena. Masaya awo anali otupa. Sanameze, sanalavule. Anangowayang'ana Madamuwo. Pamenepo ndinasonkhanitsa Chingerezi chonse cha kusukulu, ndi kunena momveka bwino kuti ndine mwana wa alonda a pachipata, ndipo anti awa sindikuwadziwa.

Nura anagwada n'kundikoka dzanja.

"Limbani, yalla, dzuka. Tiye ku mlatho."

Madamu anayang'ana Nura, anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana ya amayi, kenaka maso awo anakakhazikika pa chala chija, chimene sichinasiye kusisita. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Atatero anavala magalasi awo, nauza wantchito wina wa m'paki kuti akaitane bambo a mwanayu. Apo m'pamene amayi anandiwaza madzi aja. Anali atafunda.

Malume anabwera akuthamanga nanditengera ku chipinda cha odwala, kumene anandimwetsa madzi a mchere ndi shuga. Pobwerera m'basi sanandikalipire. Anangoti tikhale okonzeka. Masiku otsatira ndinakhala m'chipinda chamatabwa chija kumvetsera chidebe chikudontha, ndipo foni ya malume ikalira, ndinkadzuka n'kutchera khutu.

Uthenga umene unabwera sunali umene tinkauopa. Amayi anauza malume kuti Madamu adandaula kuti Nura akuvuta panyumba, ndipo alamula kuti azipita naye ku paki pafupipafupi. Titakumana, amayi anakhala pa benchi n'kutsegula kachikwama kaja. Munali mathawulo awiri, timabotolo tiwiri ta chambiko chozizira, ndi zipewa ziwiri. Madamu anali atalongedza okha, ponena kuti Nura amataya zinthu. Amayi anasiya chipewa chimodzi ndi thawulo limodzi kumapeto kwa benchi, nanyamuka. Ine ndinadikira pang'ono, ndi kukazitola.

Tchuthi chotsalacho tinachithera pa mlatho. Pa tsiku lomaliza, funde litatikwirira, amayi anandigwira molimba kuposa masiku onse.

"Tsiku lija unayankha bwino, mwana wanga," anatero. "Koma usadzayankhenso choncho."

Madzi anatsika ndisanafunse tanthauzo lake.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti Chingerezi changa ndicho chinapulumutsa ntchito ya amayi, ndipo ndinabwerera ku Nchalo ndikudzimva kuti ndine mwamuna. Ndinkakhulupiriranso kuti Nura analidi wotaya zinthu. Chipewacho ndinachisunga, ndipo nditakula ndinachiyang'ananso mofatsa. Ndi chipewa cha mwana wamwamuna, chachikulu moti pa mutu wa Nura chikanafika m'mapewa. Amayi anagwira ntchito m'nyumba imeneyo mpaka Nura atasiya kufuna mlezi, ndipo akutsimikiza kuti pa zaka zonsezo Madamu sanawafunsenso funso lija.

Panopa amayi ali kumudzi, anabwerera kale. Ulendo wina ndili pa tchuthi ndinawafunsa chimene akanayankha akanameza madzi aja. Iwo anayang'ana kumunda wa nzimbe kwa kanthawi, kenaka anatambasula dzanja n'kusisita kumbuyo kwa khutu langa, nandiuza kuti ndimwe tiyi asanazizire.