Maso a Lala Anatsala M'chipinda Choyesera Magetsi

Eulalia Rentería anabwera ku Juárez, mzinda wa pamalire a dziko lathu, kuchokera kwawo ku Cuencamé ali mtsikana, chilala chitapsereza nyemba za bambo ake zaka zotsatizana. Ine ndinamudziwira m'basi ya kampani imene inkatitenga ku Anapra, dera limene tinkakhala, m'mawa uliwonse. Tonse tinkamutcha Lala. Anali wamfupi, wakuthwa pakamwa, ndipo ankathira tsabola wambiri mu burrito wake, mkate wopyapyala wokulungamo ndiwo, moti palibe ankamupempha kulawako.

Fakitale yathu inkapanga mabalastro, timabokosi tobisika kuseri kwa machubu aatali a magetsi m'masitolo, timene timayeza moto wolowa m'chubu kuti chiyake osapsa. Mabalastro akale anali olemera ngati njerwa, odzaza waya wamkuwa ndi phula. Lala anali wothira phulalo, ndipo mikono yake inali zipsera zokhazokha. Komabe zaka zimenezo ankazikumbukira bwino. Ntchito inali yonunkha, koma munthu unkaweruka ukuona njira.

Kenako kunabwera mabalastro atsopano, opepuka, osalira ngati njuchi, odya magetsi pang'ono. Injiniya Barraza, yemwe ankayang'anira mzere wathu, anatisonkhanitsa atanyamula limodzi m'manja.

"Atsikana, kuyambira lero mukupulumutsa dziko lapansi," anatero.

"Nanga ifeyo atipulumutsa ndani?" Lala anandinong'oneza mokweza dala.

Barraza anamva, anaseka nafe, ndipo patapita sabata zochepa anamukweza pantchito. Anamuika m'chipinda choyesera, mmene balastro lililonse linkalumikizidwa ku machubu owala kwambiri, aja a m'nyumba zikuluzikulu zosungira katundu. Ntchito yake inali kuyang'anitsitsa ngati kuwala kukuphethira. Anamupatsa magalasi akuda, koma akavala kuphethirako sikunkaoneka, mabokosi oipa n'kumadutsa, iye n'kumakalipiridwa. Anawavula, ndipo palibe anamuletsa.

Nthawi imeneyo mwamuna wake Fidencio, mmisiri womanga nyumba, mtima wake unali kutsidya kwa malire.

"Tiye, Lala. Msuweni wanga ku Denver watisungira chipinda."

"Ndisiye ntchito yokhala pampando, yokhala ndi chipatala chake, ndikatsuke zimbudzi za anthu? Pita ukaone kaye, ukatiitane."

Fidencio anapita. Chaka choyamba ankaimba foni Lamlungu lililonse kusitolo ya pakona, kenako pa Khirisimasi pokha. Pambuyo pake tinamva kuti ali ndi mkazi wina, wochokera ku Zacatecas, ndi ana awiri. Lala anatsala ndi mwana wake Nayeli, ndipo dzina la mwamunayo sankalitchulanso.

Tsiku lina kunabwera ojambula. Anamupaka milomo, anamugwiritsa balastro, chithunzi chake chachikulu n'kukachipachika pakhomo la fakitale, pansi pake atalembapo zosamala magetsi. Ife tinkamuseka kuti posachedwa tizimuona pa kanema. Kunyumba kwake kunali babu limodzi lokha, lolumikizidwa ndi waya wokoleka mwakuba pamtengo wamagetsi, monga nyumba zonse za kwathu.

Maso a Lala anayamba ndi kutuluka misozi. Kenako ankati akuona chifunga, ndipo potsika basi ankandigwira mkono. Dokotala wa kampani anamuunika pang'ono chabe.

"Ndi shuga ameneyu, mayi, ndi ukalamba. Chepetsani zakumwa zotsekemera."

Shuga analidi naye, monga theka la mzere wathu. Koma tonse amene tinali ndi shuga tinkaona, kupatula iye ndi mnzake wina amene anakhalapo m'chipinda chomwecho. Tsiku lomuchotsa ntchito, Barraza ankayankhula akuyang'ana pawindo.

"Mayi Rentería, kampani sidzakuiwalani."

"Ingandiiwale bwanji, injiniya? Ndili pakhomo paja, ndikumwetulira."

Chithunzicho chinakhala pomwepo mpaka fakitale inatsekedwa, ntchito itasamukira ku China, masitolo atayamba kufuna nyale za LED zosasowa balastro. Tonse tinabalalika. Ine ndinayamba kugulitsa zovala zakaunjika pamsika.

Ubaldo, mwamuna wa Nayeli, ali ndi kalole kotolera zitsulo zakale. Amabweretsa mabalastro ozulidwa m'masitolo, ndipo Lala amakhala pabwalo ndi nyundo, kuwaswa mofufuza ndi zala kuti achotse mkuwa. Tsiku lina Lala anandiponyera limodzi la atsopano aja.

"Tamva kupepuka kwakeku, mnzanga. Mulibe kanthu. Akale aja ankati ndi oipa ndi amene akundidyetsa. Awa amene ndinawapatsa maso anga, ngakhale wa zitsulo sawafuna."

Chaka chatha, nyengo ya mphepo yafumbi, ndinali naye pabwalopo pamene nkhalamba ina yotsimphina inaima pageti, katundu wake ali m'jumbo. Anali Fidencio. Apolisi oona za olowa m'dziko anamugwira ku Denver n'kudzamutsitsa pamlatho wa pamalire, ndipo mkazi wa ku Zacatecas uja anali atamutaya kalekale, msana utamuthera.

"Lala, ndine."

"Mawuwo ndawamva. Wabwera kudzatiitana?"

Fidencio anatula katundu wake pansi. Nayeli anatuluka, anawayang'ana bambo akewo, n'kubwerera m'nyumba.

"Ndilibe kolowera," anatero Fidencio.

Lala anasisita nyundo ija ndi chala. Ine ndinkaganiza kuti amugenda nayo.

"Ukuona bwino?" Lala anamufunsa.

"Ndikuona."

"Ndiye khala apo. Olemera uziika kumanja kwanga, opepuka uzitaya uko. M'nyumba sulowa. Kuseriku kuli kashedi, uchotsemo galuyo."

Mpaka lero Fidencio amagona m'kashedimo. Nayeli amamupatsira chakudya pawindo. Anthu a kutchalitchi amamuyamikira Lala kuti ndi mayi wokhululuka, ndipo iye akamva amalavula.

"Ndakhululukira ndani? Ndinkasowa munthu wondisankhira zitsulo."

Masana onse amakhala moyandikana pafumbi, wina akusankha, wina akuswa, osayankhulana. Nyengo yozizira yapitayi Fidencio anadwala chifuwa, ndipo Lala anamutumizira bulangete kudzera mwa ine, atandichenjeza kuti ndikanene kuti ndi langa.