Tinawaolotsa Bambo Madzi Asanafike

Ndinadzuka kusanache pamphasa pomwe ndinagwera tulo amayi a mpingo atasiya kuimba. Panja pa nyumba yathu ku Chinsapo amuna anali kuwodzera mozungulira chikuni, azimayi akukoleza moto wophikira nyemba. Kumwamba kunali nyenyezi zokhazokha. Koma cha kumapiri a Dzalanyama kunkang'anima osalekeza.

Bambo anga, amene tinkawaika tsiku limenelo, anakalambira kumapiri kumeneko akuyeza mvula ndi madzi a mumtsinje wa Lilongwe. Ku ofesi kwawo kutabwera makompyuta olosera mvula, iwo ankayerekeza manambala ake ndi a m'chitini chawo choyezera, n'kupukusa mutu. Ankati za kuchigwa makinawo amakhozako, koma mvula ya m'phiri amaichepetsa nthawi zonse. Ndipo ikavumba usiku kumeneko, madzi amafika kuno masana, dzuwa likuswa mtengo.

Manda a kwathu ali tsidya lina la mtsinjewo. Bokosi limaoloka pamapewa, pamalo osaya, ndipo msewu wozungulira kumlatho unali utadukiratu ndi matope. Mtsinje ukadzaza mumadikira masiku, koma thupi m'Januwale silidikira munthu.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena pansi, ena atapanikizana m'maminibasi ochokera ku Kawale ndi ku Biwi. Akuluakulu anali atagwirizana kuti tinyamuke 2 koloko, onse oyankhula atatha. Ine ndinatsikira kumtsinje. Madzi anali m'mawondo, koma ofiira, akubwera ndi masamba a mitengo yomwe kuno kulibe. Ndinazika kamtengo m'mphepete, ndinaima pang'ono, kanamira ndikuona.

Mwana wamkazi salowa pabwalo la amuna pamaliro, izo ndimazidziwa. Ndinalowa basi, ndinagwada pafupi ndi malume anga, n'kuwauza kuti tikapitirira 10 koloko sitioloka. Bwana wa ku ofesi ya bambo, yemwe anabwera ndi mawu olemberatu, anamwetulira.

"Pepani mayi, pepala lathu lolosera mvula la sabata ino likuti kumapiri mvula ndi yochepa. Taonani kumwambaku."

Ndinapsa mtima, sindibisa.

"Bwana, pepala lanulo silinanyowepo. Ankanyowa ndi bambo anga."

Malume anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analengeza kuti tinyamuka m'mawa womwewo, n'kutumiza uthenga kwa adzukulu okumba manda kuti adya pobwera. Iii, zimenezo zinavuta! Ena anang'ung'udza kuti tikuthamangitsa maliro ngati tikukataya galu. Ndinamva, ndipo zinandipweteka, koma sindinatembenuke.

Tinanyamuka thukuta lili kamukamu, nyimbo patsogolo. Pooloka madzi anali atafika m'ntchafu. Onyamula bokosi anayenda mokhwekhwereza mapazi, amayi a mpingo atakwinya zitenje, akuimbabe. Kumanda abusa anafupikitsa ulaliki. Bwana uja anayamba kuwerenga mawu ake, koma atatembenuza tsamba lachitatu malume anamugwira paphewa, nayenso anapinda pepala.

Pobwerera madzi anali m'chiuno, akukoka. Tinagwirana manja, okalamba ataberekedwa kumsana. Womaliza atangoponda kumtunda tinamva mkokomo. Madzi anafika ndi zipika, mapesi ndi mbuzi yakufa, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Bwana uja anaima thalauzi ikudontha. Kenako anabwera kudzandigwira chanza ndi manja ake onse awiri.

Madzulo anthu anabalalika, azimayi anabweza mapoto obwereka. M'nyumba tinatsala ine ndi amayi anga, mipando ikadali panja. Mtsinje unkamveka mpaka m'chipinda. Amayi anaumvetsera, n'kunena motsitsa:

"Zaka zonsezi ndinkawakalipira kuti anakwatira mtsinje, osati ine. Tikanamvera ena, bwezi ali pompano pamphasapa, tikuwakupiza ntchentche."

Anandigwira dzanja.

"Wawagoneka bwino bambo ako, mwanawe."

Chimwalirire chawo ndinali ndisanalire. Ndinalira pamenepo.