Ng'ala ya Bambo ndi Chifuwa cha Che Bwanali

Ndikati ndiwakumbuke Che Bwanali, chimayamba kundifika ndi fungo la fodya wofewa ndi nthunzi, fungo longa la shuga wopserera, limene linkakhala m'malaya mwawo, m'ndevu zawo zotuwa, ngakhale m'kapu imene ankamweramo tiyi. Nyumba yawo ndi yathu zinagundana madenga mu komboni, pa pulazi la fodya kufupi ndi Darwendale, kudziko la Ashona, zaka zija za Chitaganya. Iwo anali Myao, Msilamu wosaphonya swala, wamasiye wokhala yekha. Ife tinali Achewa a ku Dedza, a tchalitchi. Koma moto tinkapalana, mchere tinkapemphana.

Ntchito yawo inali m'chipinda cha nthunzi, mofewetsera fodya wouma asanapite kwa osankha. Malo amenewo aliyense ankawasirira, chifukwa m'miyezi ya chisanu, anthu akunjenjemera m'shedi yosankhira fodya zala zitauma gwa, Che Bwanali ankatuluka thukuta. Ankangogwira tsamba n'kulifinya, n'kunena kuti, "Likafewa ngati khutu la mbuzi, lapsa."

Bambo anga anali osankha fodya. Imeneyo ndi ntchito ya maso: lachikasu ngati ndimu apa, lofiirira apo, lamawanga pambali. Ndiye chaka china maso awo anayamba kuchita ng'ala. Amayi ankamanga fodya pambali pawo, ndipo dzanja lawo linkasuntha mwakachetechete masamba osokonekera foromani asanadutse. Pulazi silisunga munthu wosaona. Ntchito ikatha, nyumba yatha, phoso latha, ndipo ku Dedza kumene bambo anachoka ali mnyamata tinkangokumva m'nkhani. Amayi anatikhazika pansi ine ndi mng'ono wanga Enelesi.

"Za maso a bambo anu zithere m'nyumba muno. Mwamva?"

Tinavomera. Koma Enelesi anali wamng'ono, ndipo pakamwa pake pankagona mochedwa kuposa mwini wake.

Sukulu inali m'bani yakale youmitsira fodya, ya makoma akuda ndi utsi. Ine sukulu ndinangoilawa. Ntchito yanga inali kulera khanda la amayi, ndiye ndinkakhala pakhomo nditalibereka, kumvera anzanga akuimba zilembo. Tsiku lina aphunzitsi anafunsa kuti ndani amathandiza makolo kunyumba. Wina anati amatunga madzi, wina anati amatsekera nkhuku. Enelesi anaimirira chifuwa chili patsogolo.

"Ine ndimawanong'oneza bambo dzina la munthu amene akubwera, chifukwa saona. Dzulo anapatsa moni mtengo wa papaya."

Ana onse anafa nacho chiseko, ndipo amene anaseka kwambiri anali Tichaona, mwana wa foromani. Aphunzitsi anagogoda tebulo. "Khala pansi, Enelesi. Zimenezo si za m'kalasi." Koma madzi anali atatayika kale. Ndinamuona Tichaona akuyang'ana kukhomo, kudikira kuti chitsulo cha masana chilire akazitule kwawo.

Chitangolira, ndinathamanga khanda likugunda kumsana. Kwa amayi ndinaopa. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, n'kuwapeza Che Bwanali atanjuta ndi ketulo yawo, akusamba m'manja ndi kumapazi kukonzekera swala.

"Iwe Filesi, mwanayo umuthyola khosi. Wakuthamangitsa ndani?"

Ndinangoyamba kulira n'kuwauza zonse. Choncho chinsinsi cha amayi chinatuluka kawiri dzuwa lisanapendeke.

Sanadabwe. "Ng'alayo ndinaiona kale. Munthu amene amadikira mawu ako asanakuyankhe moni, ukuti sindingamudziwe?" Atatero anayala mkeka wawo n'kuyamba kupemphera. Ine mtima uli m'malere, iwo akugwada, akudzuka, akugwadanso, osafulumira ngakhale pang'ono, ngati dziko lonse lawadikira. Atamaliza anapinda mkeka, anavala kofia, n'kulunjika kwa foromani. Ine ndinatsatira chapatali n'kukaima kuseri kwa khola la nkhuku.

Foromani anali pampando panja akudya, Tichaona ataima pambali pake, nkhani itamudzadza m'masaya. Koma mwana salankhula mkulu atafika. Che Bwanali anavula nsapato, anakhala pansi, n'kuyamba kukhosomola. Anakhosomola mpaka nkhuku zinabalalika.

"Mudhara, kwagwanji?" anafunsa foromani, kuwatchula m'Chishona kuti madala.

"Nthunzi ija yandimaliza, a foromani. Ndichotsenimo ndisanafere mu fodya wa mzungu. Ndiikeni posankha, maso ndili nawo, ulusi ndimalowetsa ndekha mu singano. M'malo mwanga ikanimo bambo a Filesi. Manja awo amalidziwa tsamba."

Foromani anasiya kutafuna. Anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana kumene kunali nyumba yathu. Tinadzamva pambuyo pake kuti mzungu anali atamukalipira kale chifukwa cha mabelo osakanikirana mitundu.

"Mufuna kusiya pofunda mukaime pozizira? Pa msinkhu wanuwu?"

"Chisanu sichinaphepo Myao."

Tichaona analephera kupirira. Anayamba m'Chishona kuti baba, bambo ake a Enelesi... Foromani sanamucheukire n'komwe. "Nyarara. Idya," anatero, kumuuza kuti atseke pakamwa adye. Kenaka kwa Che Bwanali: "Mawa musinthane."

Ine ndinangokhala pansi, pa zitosi pomwepo.

Madzulo amayi atamva zonse anathyola kamtengo ka pichesi kufuna Enelesi, amene anali atabisala kuseri kwa Che Bwanali atagwira mkanjo wawo.

"Amake Filesi, tayani kamtengoko. Mwanayu anafunsidwa ngati amathandiza makolo, ndipo amathandizadi. Ananama pati?"

"Akanatigonetsa kutchire, achimwene."

"Pakamwa pa mwana n'chitseko cha udzu. Mukafuna kusunga mbuzi, musadalire chimenecho."

Bambo anali pakhonde, nkhope atalozetsa kumene kunkachokera mawu. Anali munthu wosakonda kuchitiridwa chifundo. Pomaliza anati, "Achimwene, inu munthu wa swala, mwakanama chifukwa cha ine?"

"Ndanama chiyani? Pa pulazi la fodya pano, ndi chifuwa cha ndani chimene sichikhosomola?"

Bambo anaseka mpaka misozi, ndipo ndinazindikira kuti panali patapita miyezi ndisanamve kuseka kwawo. Kenaka nawonso anayamba kukhosomola, ndiye tonse tinaseka, ngakhale amayi, kamtengo kali m'manja.

Bambo anagwira m'chipinda cha nthunzi zaka zambiri, mpaka ine ndinakwatiwa ndikuchokera m'nyumba yomweyo. Che Bwanali anaima m'shedi yozizira nyengo zonsezo, atakulunga thumba la chimanga m'mapewa, zala zitang'ambika, ndipo sanatchulepo nkhaniyi ngakhale tsiku limodzi. Amayi m'mawa uliwonse ankandituma kukawapatsira mbatata yootcha, yoti ayambe aotherapo manja asanaidye.

Lero adzukulu anga amapita nazo kusukulu zonse za m'nyumba muno, mpaka zimene tadya ndi zimene takangana. Amayi awo akafuna kuwakwapula ndimawaletsa. Mwana aphunzitsidwe zoyenera kunena, inde, koma adzalankhulabe, ndi mwana. Chimene ine ndimasamala n'china. Ndikamva mwana wa mnzanga wataya mawu a kwawo pabwalo, sindifunsa kuti kenaka zinatani. Ndimatenga mpango wanga n'kupita kukaona ngati pali chimene ndinganyamuleko.