Ulimba wa Achimwene Sunasweke

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, msana uli gwa chifukwa chogona chokhala m'nyumba ya siwa. Achimwene anga anali pakati pathu, atakulungidwa kale m'mphasa. Panja amuna ankawodzera pa zikuni zotsala, ndipo atsikana anali atayamba kusinja mapira kuseri kwa khola.

Kutacha anthu anayamba kufika. Ena anawoloka Shire pa mabwato, ena anatsata njanji wapansi kuchokera ku Chiromo. Amayi a kutsidya analowa akulira m'Chisena. Mvula inali isanagwe, ndipo dzuwa lisanakwere n'komwe nthaka inali ikuotcha kumapazi.

Achimwene anali woimba ulimba, chida chija cha matabwa ondanda chogogoda ndi timitengo, ndipo ndiwo anaphunzitsa mwana wanga Zuze. Koma Zuze sankakhutira ndi nyimbo za makolo, ankapeka zake. Ulimba umafuna anthu atatu, ndipo madoda awiri amene ankaimba ndi achimwene ankazikana nyimbo zakezo, ati zopanda mutu. Ine ndiye ndinkazida kuposa onse. Munthu wofika pokwatira n'kumagogoda matabwa anzake akupalira thonje? Ndinali nditapangana kale ndi abale a bambo ake kuti maliro akatha apite naye ku minda ya nzimbe ku Zambezi. Womuikira kumbuyo anali malume ake okha, ndipo ndi amene tinkakaika tsikulo.

Kwathu zinthu zimene munthu ankagwira tsiku ndi tsiku zimaswedwa pamanda pake. Adzukulu atanyamula mtembo, anatenganso mbale, chikho ndi ulimba womwe. Tinayenda pamzere m'fumbi, amuna patsogolo. Zuze sankalira, maso ake anali pa ulimbawo basi. Ndinamuona, mtima unandipweteka.

Manda atakwiriridwa, mbale inaswedwa, chikho chinaswedwa. Mdzukulu wamkulu atatukula mpini kuti aswe ulimba, Zuze anagwada n'kupempha kuti aimbeko kamodzi kokha. Anamulola. Anayamba nyimbo imene anaipeka malume ake akudwala. Koma anaipekera anthu atatu, ndipo iye anali yekha, choncho inkamveka ya mipatamipata ngati dengu lobooka. Sanasiye. Thukuta linkadonthera pa matabwa.

Mmodzi wa madoda aja anang'ung'udza, "Iwe, pamenepo pakusowa mawu aakulu," n'kukhala pansi kumapeto kwa ulimba. Anatchera khutu pang'ono, kenaka analowamo. Mnzake anachedwa, koma naye anatola timitengo toimbira. Amayi inu! Nyimbo ija inayamba kuyenda monga ankayendera achimwene pochokera kumunda, mwendo wawo wodwala akuukoka. Amene anali atatonthola anayambiranso kulira. Ine ndinachita manyazi, zaka zonsezo ndinkangomva phokoso.

Itatha, mdzukulu anandiyang'ana, popeza mlongo wa malemu ndinatsala ndekha.

"Mayi, tiswe?"

"Ayi," ndinatero. "Uwu si wa malemu. Anaupereka kwa mphwawo ali moyo."

Achimwene sananenepo zimenezo. Ndinanama, ndipo kunama pamanda si masewera. Ndiye mkulu uja amene anayamba kulowa m'nyimbo anati, "Ndinalipo." Mdzukulu anatsitsa mpini.

Madzulo anthu anabalalika, moto wa ophika unazima. Abale a bambo a Zuze ananyamuka osatsazika bwino, ndipo anapita okha. Madoda awiri aja anatithandiza kunyamula ulimba mpaka kwathu, koma unakanika kulowa, khomo linali laling'ono. Zuze anati angousiya pakhonde.

"Pakhonde, kuti mbuzi zitafune zingwe? Zula chitseko ndi mtengo wake womwe."

Anandiyang'ana, kenaka anazula. Sanaimbe, popeza tinali tisanamete. Anangokhala pambali pake, manja ali pa matabwa. Ndinayala mphasa yanga pakhomo pomwepo, ndipo ndinagona chopingasa kuti mbuzi zingalowe.