Mabushi a galimoto ya abambo

Galimoto yakale ya abambo inkagogoda kunsi tikamayenda mumsewu wa ku Mlolo, moti anthu ankatidziwa tisanatulukire. Amalume, amene amakonza ngolo ndi magalimoto, ataigwedeza anati mabushi atha, timalabala tija tokhala pakati pa zitsulo za kumawilo.

Anaikweza pa jeke n'kumasula zitsulozo. Labala wakale anakanirira, ndiye anamuwotcha pa makala mpaka anatuluka yekha, utsi uli tolotolo. Watsopano anachita kusema kuchokera ku tayala la thirakitala, n'kumupaka sopo, n'kumukanikizira m'malo mwake ndi bauti lalitali. Ine ndinkangoyang'ana kukamwa kuli yasa.

Atabwezera zonse anatsitsa galimoto, koma mabauti osalimbitsa. Anatiuza kuti tipakire matumba a mtedza, kenako tikwere tonse: ine, amayi, azakhali, ngakhale anthu amene anangobwera kudzaonerera. Galimoto itatsika ndi kulemera, m'pamene amalume anakwawira kunsi ndi sipanala kukalimbitsa mabauti aja. Ndinkaopa ngakhale kutsokomola, poganiza kuti tonsefe takhala pachifuwa pawo.

Amalume atatuluka ali mbuu ndi fumbi, abambo anafunsa, "Alamu, bwanji osamanga ili pa jeke?"

"Labala amazolowera mmene mwamumangira," anayankha amalume. "Ndikanamanga ili yopepuka, akanang'ambika pa ulendo woyamba. Galimoto imeneyi munaionapo ikuyenda yopanda katundu?"

Tsiku lomwelo tikupita ku boma, ndinamva amayi akuyimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Nditadabwa, iwo anati amayimba ulendo uliwonse, kungoti galimoto inkawaposa mawu.