Ndinamutcha kasitomala pa gombe la Blackpool

Ndanamapo mabodza angapo pa moyo wanga, monga munthu aliyense wobadwa mwa mkazi, koma lilipo limodzi lomwe limandiyambirira m'mawa ndisanatsegule n'komwe Baibulo. Ndinalinena masanasana, pa mchenga wa ku Blackpool, munthu amene ankandikonda ali chiimire pambali panga. Inu owerenga, ndikulemba izi kuti wina asadzachite zomwe ndinachita ine.

Ndine mwamuna wa zaka zopitirira makumi anayi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndimakhala ku Salford komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndinakulira mu mpingo. Mpaka lero sindigona ndisanagwade, ndipo Lamulungu ngati sindili pa shifiti mundipeza mu holo yomwe Amalawi timapemphereramo ku Manchester. Ndikuuzeninso china chomwe mwina chichititse ena a inu kusiya kuwerenga: mtima wanga umakonda mwamuna mnzanga. Ndinasala kudya, ndinakwera mapiri kukapemphera, ndinalira pamaso pa Mulungu kuyambira ndili ku sekondale. Sizinasinthe. Nkhani imeneyo ili pakati pa ine ndi Iye amene anandiumba m'mimba mwa mayi anga, ndipo sindinabwere kudzatsutsana nanu. Chomwe ndikuulula lero ndi china.

Keith ndinakumana naye kochapira zovala. Anali mzungu wa ku Salford komweko, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, imvi zitayamba kale, ndipo anali ndi kashopu kokonza njinga. Ankayenda ndi ndodo chifukwa ali mnyamata anachita ngozi ya njinga yamoto yomwe inamuphwanya chiuno ndi mwendo. Tsikulo ndinamuona akulimbana ndi chikwama cha zovala, ndiye ndinathamanga kukamulandira mwa chizolowezi cha ntchito yathu. Anandiyang'ana n'kunena kuti unathyoka ndi mwendo, manja ali bwinobwino. Ndinaseka, iyenso anaseka, ndipo tinacheza mpaka zovala zinauma.

Iye sankapemphera, koma sananyozepo pemphero langa. Lamulungu ankandiperekeza pa galimoto, n'kukaimika msewu wachiwiri kuseri kwa holo kuti anthu asamuone. Ankakhala momwemo kuwerenga nyuzipepala mpaka titatuluka, ndipo mukudziwa kuti Amalawi sitituluka msanga. Sanadandaulepo. Ankangondifunsa ngati kwaya yaimba bwino.

Za Blackpool anayambitsa ndi iyeyo. Makolo ake ankapita naye kumeneko ali mwana, ndipo anandiuza kuti kuli nyumba za alendo zomwe anthu ngati ife amalandiridwa popanda mafunso. Tinayamba kupitako chaka ndi chaka nyengo yotentha, pa sitima. Nyumba yomwe tinkafikira inali kamsewu kakumbuyo, mbendera ya utawaleza, chizindikiro cha anthu ngati ife, ili pa zenera. Eni ake anali madala awiri omwe anakhala limodzi kuyambira unyamata wawo, ndipo ankakangana tsiku lonse ngati banja lililonse lakale. Ulendo woyamba ndinaima panja nthawi yaitali, ndikuopa kulowa. Titalowa anatipatsa kiyi mmodzi osatiyang'ana kawiri. M'mawa mwake mmodzi wa madalawo anandifunsa ngati mwamuna wanga amakonda dzira lokazinga kapena lowiritsa. Panalibe munthu amene anali atanditchulirapo Keith mwa njira imeneyo.

Nyanja ya kumeneko siyokongola, ndisakunamizeni. Madzi ake ndi otuwa, ozizira ngati a mufiriji, ndipo amathawa kutali n'kusiya mchenga wonyowa, kenako n'kubwerera. Mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa ngakhale dzuwa likuwala. Koma ine ndikatseka maso ndimaona abulu atanyamula ana pa gombe, ndimamva belu la tramu, kasitima kamagetsi koyenda m'mbali mwa nyanja, ndimamva fungo la nsomba ndi chipisi. Kuli mbalame zoyera zakuba kuposa akabwerebwere a mu msika wa Limbe. Ina inalanda nsomba m'manja mwa Keith, ndipo anaitukwana mpaka amayi ena odutsa anatseka mwana wawo makutu. Madzulo tinkakhala pa benchi kuonerera magetsi akuyaka, iye akundifotokozera komwe bambo ake ankamugulira maswiti, ine ndikumuuza za msika wa Tsangano ndi mbatata zake.

Ndinkadzuka m'mamawa iye akuliza mkonono, n'kukhala pa zenera ndi Baibulo langa. Kumeneko n'komwe ndinaphunzira kuthokoza Mulungu popanda kuyamba ndi kupepesa. Kumenekonso n'komwe ndinayendapo koyamba masana nditagwirana mkono ndi munthu wanga. Pa mchenga ndodo imamira, ndiye Keith ankatsamira mkono wanga. Tikafika pouma sankausiya, nanenso sindinkauchotsa. Anthu ankangotidutsa, ena kutipatsa moni. Masiku amenewo, abale anga, ndinkayenda ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Ulendo womaliza unali wa Loweruka. Amayi a mpingo wathu amakhala ndi tsiku lokayenda ndi ana chaka chilichonse, ndipo nthawi zonse ankapita ku paki ya pafupi. Chaka chimenecho anachita hayala basi ya ku Blackpool. Analengeza Lamulungu lomwe ndinali ku ntchito, ndipo mauthenga a pa gulu la mpingo ndinali nditasiya kuwatsegula chifukwa amachuluka.

Tikuchokera kumadzi, mikono itakolana, ndinamva mawu a Chichewa: "Achimwene, ndinu kodi?"

Anali Mayi Kachingwe, wapampando wa amayi. Mayi amenewa ndi amene anandipezera ntchito nditangofika, ndipo kwawo ndi mudzi woyandikana ndi wathu, amaimbirana foni ndi mayi anga. Kumbuyo kwawo kunali amayi odzaza basi, zitenje zitayalidwa pa mchenga, mapoto a mpunga ndi nkhuku, ana akuthamanga n'kumayankha makolo awo m'Chingerezi. Maso a Mayi Kachingwe anatsika pa mikono yathu, n'kukweranso pa nkhope yanga.

Sindinaganize. Pakamwa panatseguka pokha. "Ndili pa ntchito, mayi. Awa ndi kasitomala wanga, ndabwera nawo kudzapitidwa mphepo."

Inu amene mumagwira ntchito yathuyi mukudziwa kuti zimachitika, kuperekeza kasitomala kokayenda. Ndodo inalipo, imvi zinalipo, kutsimphina kunalipo. Bodzalo linatsetsereka ngati therere. Ndipo amayi aja pafupifupi onse ndi osamalira okalamba, ndiye nthawi yomweyo analowa ntchito. Wina anachotsedwa pa mpando wopinda kuti Keith akhalepo. Wina anamufunditsa chitenje m'maondo. Mafunso onse ankabwera kwa ine, iye ali pomwepo. Alibe shuga awa? Amameza bwinobwino kapena tiwaduliretu nkhukuyi? Mutu ukugwira?

Mayi wina wachitsikana anati, "Ena muli ndi mwayi. Ife kusintha matewera usiku wonse, inu kampani ikukulipirani kudya chipisi kunyanja. Alibe m'bale wake awa? Mutiuze tikalembetse." Onse anaseka. Inenso ndinaseka.

Poyamba Keith ankamwetulira, kuganiza kuti ndi mmene Amalawi timalandirira alendo. Ndinaona chimwemwe pa nkhope yake, poti anali atadikira nthawi yaitali kuti aone anthu anga. Kenako Mayi Kachingwe anawerama pamaso pake n'kumufunsa m'Chingerezi, mokweza ndi mochedwetsa monga timalankhulira ndi agogo osamva, ngati womusamalirayu amamusamala bwino. Keith anandiyang'ana. Sindidzaiwala kayang'anidwe kameneko. Munalibe ukali, anangokhala ngati akundipatsa mpata. Ine ndinayang'ana mchenga. Ndiye anatembenukira kwa mayiwo n'kuyankha kuti inde, ndi wabwino kwambiri. Anadya nkhuku yoduladula ija ndi supuni yomwe anamupatsa.

Sizinathere pomwepo. Amayi anati sangalole munthu wolumala achoke asanamupempherere, ndipo poti ine ndinkatsogolera mapemphero ku mpingo, anati nditsogolere ndine. Anasanjika manja pa mwendo wake, ine ndinatseka maso n'kupemphera mokweza, kutchula dzina la Ambuye pamwamba pa bodza langa. Pomaliza Keith anaimirira kuti apite kuchimbudzi. Mayi Kachingwe anandikodola, akuti ndimuperekeze, angagwe. Ndinamutsatira pambuyo, dzanja langa lili chapafupi ndi msana wake monga anatiphunzitsira ku ntchito.

Ndimadziwa za kholo lija la chikhulupiriro lomwe linafika dziko lachilendo n'kunena kuti mkazi wake ndi mlongo wake chifukwa cha mantha. Ndimadziwanso za wophunzira uja amene anakana Mbuye wake akuotha moto. Nkhani zimenezi ndinkaziphunzitsa ana ku Sande sukulu, n'kumadabwa kuti munthu angachite bwanji zotero. Koma ngakhale kholo lija linamusiyira mkazi wake ulemu wa mlongo. Ine ndinachita zoposa.

Titabwerera ku nyumba ya alendo Keith sanakalipe. Anakhala pa bedi n'kuvula nsapato yekha, pang'onopang'ono, monga ankachitira nthawi zonse. Anandiuza kuti kubisala ankakumvetsa, n'chifukwa chake ankaimika galimoto kuseri. Anandiuzanso zomwe sanandiuzepo, kuti atachita ngozi anakhala miyezi yambiri anthu akulankhula za iye pamwamba pa mutu wake, akumusambitsa, akumufunsira kwa mayi ake ngati wadya, ndipo analumbira kuti zimenezo sizidzamuchitikiranso. Ndiye anati, "Ukanati ndine mnzako. Ukanati ndine mwini nyumba yomwe umakhala. Ndikanavomera. Koma unasankha mwendo wanga."

Ndinapepesa, ndinalira, ndinafotokoza za mayi anga ndi za ntchito. Anati wamva. M'mawa madala aja anatiyang'ana n'kusiya kukangana kwawo, ndipo palibe amene anafunsa za mazira.

Sitinasiyane tsiku lomwelo. Tinayesetsa mpaka masamba anayamba kuyoyoka. Koma chinthu chinali chitaonongeka m'manja mwangamu. Ndikati ndimugwirire jekete, thupi lake linkauma. Ndikamugwira mkono potsika masitepe, ankauchotsa mwaulemu. Kale ndikamugwira ankamva chikondi, tsopano ankamva wantchito. Tsiku lina anandiuza kuti wayesa ndipo zikukanika. Anatseka kashopu kake n'kusamukira kwa mlongo wake ku Liverpool. Ananditumizira uthenga umodzi, woti alibe nane mangawa ndipo ndizipitabe ku tchalitchi.

Ku mpingo amayi sanamuiwale. Ndi anthu achifundo, musawaweruze, bodza linali langa. Lamulungu lililonse Mayi Kachingwe ankandifunsa kuti agogo a mwendo aja ali bwanji, akuwapemphererabe. Ine ndinkati ali bwino, kenako n'kukwera kutsogolo kukatsogolera pemphero. Mgonero wa Ambuye unayamba kundilemera. Lamulungu lina tikupinda mipando anandifunsanso, ndipo ndinawayankha kuti, "Sanali kasitomala, mayi. Ndinakunamizani. Anali munthu wanga."

Anandiyang'ana, mpando uli m'manja. Kenako anauika pa unzake n'kunena kuti tipemphererane. Sanandikumbatire, sananditukwane. Kuyambira pamenepo sindinaitanidwenso kutsogolo, ndimakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Amandipatsabe moni, ndipo Khrisimasi yapitayi ananditumizira mandasi. Ngati anauza mayi anga sindikudziwa, mayi sanandifunsepo. Thambo lomwe ndinkaopa kuti ligwa linangong'ambika pang'ono. Ndikanadziwa kuti mtengo wake ndi umenewo, ndikanaulipira pa mchenga paja, Keith akumva.

Inu owerenga, makamaka inu amene muli ndi munthu wanu amene simungamuonetse kwa abale. Sindikukuuzani kuti mukaime pa guwa n'kulengeza, aliyense amadziwa katundu wake ndi zomwe zingamuchitikire kumudzi. Koma musananyamuke ulendo, ngakhale wa kumalo komwe amakulandirani ndi manja awiri, khalani pansi awiri mugwirizane chomwe mudzanene mukakumana ndi wakwanu. Dziko lino ndi laling'ono, Amalawi tili paliponse. Musasiye kuti mantha akusankhireni mawu, chifukwa mantha amatola chomwe chili pafupi, ndipo chomwe chili pafupi nthawi zambiri ndi bala la mnzanuyo. Ngati choonadi chikukulemerani, khalani chete, kapena nenani kuti ndi mnzanga, poti limenelo si bodza. Ndipo inu a mu mpingo, mukaona mbale wanu akuyenda ndi munthu, mupatseni moni munthuyo ndi kumufunsa dzina lake iye mwini.

Mulungu ndikhulupirira anandikhululukira, Keith nayenso anatero. Koma kukhululukidwa sikubweza munthu. Nyengo yotentha ikafika ndimamva anzanga ku ntchito akukambirana zokwera sitima ya ku Blackpool, ine ndimapempha kuti andiike pa shifiti Loweruka limenelo. Ndimapita kukasambitsa makasitomala enieni, ndipo aliyense ndimayamba ndamufunsa iye mwini ngati akufuna thandizo langa.