Kabudula wa ku Joni

Aliyense amene anakulira ku Nkhata Bay amawadziwa a Mackford Kamanga. Ndi aja amasita zovala pakhonde la kanyumba kamalata, mukangodutsa doko polowera ku Chikale. Thebulo lawo ndi chitseko chakale choyalidwa bulangete, simbi yawo ndi ya makala, ndipo magetsi akazima tauni yonse iwo alibe nazo ntchito. Atongafe timakonda kutchena, zimenezo sitikana, choncho wosita kuno sasowa chochita. Koma a Mackford anaposa onse. Amawaza madzi a chinangwa kuti nsalu iume gwa, kenaka n'kutulutsa mzere woti ntchentche itaterapo ikhoza kudzicheka.

Ine ndine Bruce Longwe, mwana wa aphunzitsi. Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anyamata a m'tauni muno tinali magulu awiri. Ife a kumtunda, ana a aphunzitsi ndi makalaliki, ankatitcha Asokosi chifukwa chovala nsapato ngakhale Loweruka. Iwo a ku Chikale ndi ku Mwaya, ana a asodzi ndi onyamula katundu padoko, tinkawatcha Amamba, ati chifukwa mamba a nsomba sankawachoka m'mikono. Wa Asokosi akapita yekha kukasambira ku Chikale ankabwerako wopanda malaya. Wa Amamba akadutsa pabwalo lathu la mpira, miyala inkamuperekeza mpaka kumsika. Mutandifunsa chimene tinkalimbirana sindingakuuzeni. Tinazipeza choncho, ndipo tinkazikonda.

Mtsogoleri wa Asokosi ndinali ine. Wa Amamba anali Thumbiko, mwana yekhayo wamwamuna wa a Mackford.

Akuluakulu a mipingo atatopa ndi kumanga mabala, anagwirizana kuti magulu awiriwa akapikisane pa malipenga m'malo mogendana. Malipenga si gule wovina ndi nsanza. Ovina amavala zoyera mbee, malaya, kabudula ndi sokosi zofika m'maondo, ndipo ng'oma isanalire pamabwera munthu wotchedwa dokotala, amene amayendera mzere wonse. Akapeza banga kapena makwinya, amakutulutsa anthu onse akuona. Ife tinasangalala, poti pa nkhani ya zovala tinkadziwa kuti tapambana kale. Amamba anasoketsa makabudula awo kuchokera ku mashiti akale ochokera ku malo ogona alendo. Ine bambo anandigulira ku Mzuzu kabudula wa nsalu yonyezimira, yoterera, imene kuno inali isanaonekepo.

Zovala za magulu onse awiri zinapita kwa a Mackford, poti kunalibenso wina wodalirika. Anzanga anadandaula kuti bambo wa mdani sangatisitire bwino. Amayi anga anati munthu ameneyo wasita mikanjo ya abusa zaka makumi awiri, sangadetse dzina lake chifukwa cha masewera a ana.

M'mawa wa tsiku la gule ndinapita kukatenga zanga. Ndinawapeza a Mackford ataima chilili, simbi ili pambali, kabudula wanga ali m'manja. Pantchafu panali bowo lalikulu ngati chikhatho, m'mbali mwake mutakwinyika ngati jumbo yapsa. Nsalu imeneyo sinkafuna moto wa makala, ndipo iwo anali asanaigwirepo chibadwire.

"Mwachita dala!" ndinakuwa. "Wakutumani Thumbiko!"

Sanandikalipire, ngakhale ndinayankhula ngati mwana wosaleredwa. Anangoti, "Mwana wangu, madzi akatayika sawoleka. Dikira pompo."

Ndikaganiza lero ndimaona zimene zinali m'mutu mwawo. Palibe akanakhulupirira kuti yangokhala ngozi. Asokosi tikanatsika ndi miyala dzuwa lisanafike pamutu, wina akanavulala, ndipo nyumba zonse za kumtunda zikanasiya kuwapatsa zovala. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabudula wina, wa nsalu yolimba, yoyera, wositidwa kale, mzere wake uli njo. Anandiyeza m'chiuno ndipo anandikwana ngati telala anasokera ine. Ndinanyamuka osanena ngakhale yewu, zikomo wa kwathu kuno.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kabudulayo anali ndi mwiniwake. Bambo wa a Mackford anabwera naye kuchokera ku migodi ya ku Joni, anavinira malipenga mpaka miyendo itatopa, a Mackford nawo anavinira, ndipo anali atamulonjeza Thumbiko kuti tsiku limenelo ndi lake. Thumbiko, podalira lonjezolo, kabudula wake wa shiti anali atapatsa mnzake amene analibe.

Pabwalo anafika atavala malaya oyera ndi kabudula wa khaki wa kusukulu. Dokotala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kumulozera kunja ndi ndodo. Ife tinaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo ine ndinaseka koposa onse. Thumbiko sanayang'ane nkhope yanga. Maso ake anali pa kabudula amene ndinavala. Kenaka anatembenukira kwa bambo ake, amene anaima pansi pa mtengo wa mango chipewa chili m'manja.

"Ada," anatero, "ngakhale inunso?"

Anachoka gule asanayambe. Amamba anavina opanda mtsogoleri ndipo tinawapambana mosavuta.

Magulu aja anatha okha, monga zimathera za anyamata. Ena tinapita ku koleji, ena m'mabwato. Thumbiko sanamalize chaka chimenecho pakhomo. Anakwera sitima ya Ilala kupita ku Usisya kukagwira ntchito kwa asodzi, kenaka tinamva kuti ali ku Joni. Amayi ake, aNyaManda, ankawaimbira foni. Bambo ake akalandira foniyo, iye ankangopereka moni n'kupempha kuti aibweze kwa amayi. Zinakhala choncho zaka khumi ndi zinayi.

A Mackford anapitiriza kusita. Tsitsi linachita imvi, dzanja lamanja linayamba kunjenjemera akanyamula kapu, koma likagwira simbi limakhazikika. Nditabwerera kuno kudzagwira ntchito ya ukalaliki ndinayamba kuwapatsa malaya anga, ndipo sanatchulepo za tsiku lija. Nkhani yonse ndinaimva kwa aNyaManda tsiku lina ndikudikira zovala. Ndinachita manyazi kwambiri, moti ndinatha mwezi ndikutuma mkazi wanga.

Mwezi wathawu ndinapitako ndekha. Ndinawapeza a Mackford akupemerera makala, nkhope ili yowala ngati ya mwana.

"Ada Longwe, mwabwera bwino," anatero. Masiku ano amanditchula choncho, ngakhale ndinawaletsa. "Thumbiko akubwera pa Khirisimasi. Wandiuza ine ndemwe, pafoni. Ali ndi mwana wamwamuna, akuti akufuna adzaone kwawo."

Ndinawayamikira. Iwo anaika simbi pansi, anapukuta manja, n'kuyankhula motsitsa mawu ngati akupempha chinthu chosayenera.

"Pepani, kanthu kakang'ono. Kabudula uja. Sindinafune kukuvutitsani zaka zonsezi, ndimati ali pabwino, kumtunda kuli masutikesi. Koma ndikufuna akadzafika ndidzamupatse m'manja. Sangamukwanenso, wanenepa, koma adzadziwa kuti sindinataye. Mukabweretsa ndichapa ndekha."

Ndikanatha kunama. Ndikanati ndikafufuza, kenaka n'kukasoketsa wina kwa telala. Koma munthu amene wagwira nsalu moyo wake wonse sungamupusitse ndi nsalu, ndipo ndinali nditawalakwira kale kokwanira.

Ndinawauza zoona. Gule atatha ndinamuvula n'kumuponya m'dengu la zochapa. Patapita masabata angapo amayi anamupeza, anafunsa kuti chovala chachikalechi n'chandani, ine ndinati sindikuchifunanso. Anamudula pakati, ndipo mtsikana wantchito ankapukutira simenti ya pabalaza mpaka anatha.

Padoko wina ankaitanira usipa. A Mackford anatenga malaya anga, anawayala pathebulo, anawaza madzi n'kuyamba kusita kolala pang'onopang'ono.

"Simenti yake inkawala?" anafunsa.

"Inkawala, ada."

"Inali nsalu yabwino," anatero. "Mubwere Lachinayi, zikhala zitatha."